KUWERENGA MWAYI: MASAMU OTHANDIZA MLIMI KUKONZEKERA CHAKA CHOIPA

Nkhani iyi inakonzedwa kuti iwerengedwe pa misonkhano ya aphunzitsi ndi m'mabwalo a m'midzi. Aphunzitsi apemphedwa kuti aiwerenge pang'onopang'ono, nalembe manambala onse pa bolodi kapena pansi pamchenga, kuti ndi osadziwa kuwerenga omwe aone ndi maso ao.

Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Mau amenewa ngoona. Palibe munthu angathe kunena lero kuti mbuzi yake idzabala ana angati, kapena kuti mwa mazira khumi amene thadzi lafungatira adzaswa angati, kapena kuti munda wake udzatulutsa matumba angati chaka chamawa. Koma anthu osadziwa za mawa ali a mitundu iwiri. Wina angoti, "Zonse ndi mwayi," nakhala pansi. Mnzake, ngakhale sadziwa za mawa, adziwa chimene chichitika kawirikawiri, chimene chichitika mwa kamodzikamodzi, ndi kukula kwa tsoka limene lingamgwere. Ndipo ameneyu akonzeka. Nkhani ya mwezi uno ifotokoza kawerengedwe kameneka. Sikafuna masamu a patali ai. Aliyense wodziwa kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa angathe kukatsata.

Zinthu zowerenga ndi zala

Poyamba pafunika kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali zinthu zoyesa ndi muyeso, monga kulemera kwa thumba la mtedza kapena kutalika kwa mwana. Izi zikhoza kukhala ndi theka, ndi theka la theka, osalekeza. Palinso zinthu zowerenga ndi zala, monga ana a mbuzi, anapiye, njere zomera m'phando, kapena ana amene ajomba kusukulu tsiku limodzi. Izi ziyenda modumpha: 0, 1, 2, 3. Mbuzi ibala mwana mmodzi, kapena awiri, kapena atatu, koma siibala mwana ndi theka. Nkhani ino ili ya zinthu za mtundu wachiwiriwu, pamene chiwerengero chake sichidziwika kufikira chitachitika.

Pa chinthu chilichonse chotere munthu wanzeru afunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi chiwerengero chilichonse chili ndi mwayi wotani? Lachiwiri: kodi pakati pake pali poti, kapena monga anena kusukulu, avereji yake ndi iti? Lachitatu: kodi ziwerengerozo zimwazikana kutali motani ndi averejiyo? Anthu ambiri aima pa funso lachiwiri, ndipo nchifukwa chake njala iwapeza osakonzeka.

Funso loyamba: mwayi

Taonani mlimi amene wasunga chimanga cha mbeu, nafuna kudziwa ngati chili bwino mvula isanagwe. Atenga njere 100 kuchokera mbali zosiyanasiyana za thumba, aziyala pa chiguduli chonyowa, nazithirira masiku onse. Itatha sabata awerenga, napeza kuti 80 zamera ndipo 20 zakana. Tsono mwayi wakuti njere imodzi imere uli 80 mwa 100, ndiko kuti 8 mwa 10. Mwayi wakuti ikane uli 2 mwa 10. Ziwirizi pamodzi zikwana 10 mwa 10, pakuti njere iyenera kumera kapena kukana. Njira yachitatu palibe. Ili ndi lamulo loyamba: mwayi wa zonse zimene zingachitike, ukaphatikizidwa, ukwana chinthu chathunthu.

Makolo anali kubzala njere zitatu m'phando limodzi, ndipo alimi ena atero kufikira lero. M'phando lotere mungamere njere 0, 1, 2 kapena 3. Kodi chilichonse mwa izi chili ndi mwayi wotani? Lamulo lachiwiri nali: pamene zinthu ziwiri sizikokana, mwayi wakuti zonse zichitike upezeka pochulukitsa mwayi wa china ndi wa chinzake.

Kuti zonse zitatu zimere: 8 kuchulukitsa ndi 8, ndi 8 inanso, zipatsa 512. Ndiwo mapando 512 mwa 1,000.

Kuti zonse zitatu zikane: 2 kuchulukitsa ndi 2, ndi 2 inanso, zipatsa 8. Ndiwo mapando 8 mwa 1,000.

Kuti ziwiri zimere imodzi ikane: 8 kuchulukitsa ndi 8, ndi 2, zipatsa 128. Koma yokanayo ikhoza kukhala yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu, kotero njira zili zitatu, ndipo 128 katatu ndi 384.

Kuti imodzi yokha imere: 8 kuchulukitsa ndi 2, ndi 2, zipatsa 32. Panonso njira zili zitatu, ndipo 32 katatu ndi 96.

Mphunzitsi aphatikize pa bolodi 512, 384, 96 ndi 8. Apeza 1,000 ndendende. Ngati sapeza 1,000, walakwa penapake, ndipo ayambirenso.

Tsono mbeu imeneyi isiya mapando 8 okha opanda kanthu mwa 1,000. Koma mbeu ikakhala yofumbwa, kuti imera 5 mwa 10, mapando opanda kanthu akhala 5 kuchulukitsa ndi 5, ndi 5 inanso, ndiwo 125 mwa 1,000. Alangizi a masiku ano aphunzitsa kubzala njere imodzi paphando, mapando oyandikana. Pamenepo kuyesa mbeu kufunika koposa, chifukwa njere ikakana ilibe inzake yoiimirira: mbeu ya 8 mwa 10 isiya mapando 200 mwa 1,000, ndipo ya 5 mwa 10 isiya theka la munda. Sabata imodzi ndi chiguduli chonyowa ziuziratu mlimi zimenezi nthawi yofuna mbeu ina ikadalipo.

Chenjezo limodzi lisaiwalike. Kuchulukitsa kumeneku kugwira nchito pokhapo pamene njere iliyonse imera kapena kukana payokha. Mbewa ikafukula phando, kapena chiswe chikalowamo, njere zonse zitatu zipita pamodzi, ndipo mapando opanda kanthu achuluka kuposa amene masamu ananena.

Funso lachiwiri: avereji

Kuti apeze avereji, munthu achulukitsa chiwerengero chilichonse ndi mwayi wake, naphatikiza zonse. Pa mbeu yabwino ija: mapando 8 apatsa mapesi 0, mapando 96 a phesi limodzi apatsa 96, mapando 384 a mapesi awiri apatsa 768, mapando 512 a mapesi atatu apatsa 1,536. Zonse pamodzi ndi 2,400. Kugawa ndi 1,000 kupatsa 2.4.

Wina aseka nati, "Ndani anaona phando la mapesi awiri ndi kachidutswa?" Zoonadi palibe. Avereji sinena za phando limodzi. Inena za mapando ambiri pamodzi. Tanthauzo lake nlakuti mlimi wobzala mapando 1,000 ayembekeze mapesi pafupifupi 2,400.

Masamu amenewa anayambira pa njuga. M'chaka cha 1654, ku France, anthu awiri ophunzira, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, analemberana makalata pa funso lakuti ndalama za njuga zigawidwe bwanji masewera akadukizidwa asanathe. Njira imene anapeza ndiyo muzu wa kawerengedwe ka mwayi. Ndipo kufikira lero palibe malo ena pamene avereji iulula chinyengo msanga kuposa pa njuga.

Tayerekezani mnyamata wagulitsa fodya wake, nafika pamsika pamene munthu wina waika dayisi, kachinthu kaja ka mbali 6 kokhala ndi madontho. Mwini njuga ati: "Ika K100, sankha nambala. Ikatuluka ndikupatsa K500." Mnyamata aona K500, saona china. Koma mwayi wakuti nambala yake ituluke uli 1 mwa 6. Akaponya maulendo 60, ayembekeze kupambana pafupifupi maulendo 10, ndizo K5,000. Koma waika K6,000. Wataya K1,000, ndiko kuti pafupifupi K17 pa kuponya kulikonse. Mwini njuga safuna mankhwala kapena matsenga. Avereji imgwirira nchito. Kuti masewerawa akhale olungama anayenera kulipira K600, ndipo chifukwa chake salipira K600.

Mnyamata uja akaluza maulendo asanu otsatana, anzake amuuza kuti, "Usachoke, tsopano nambala yako yayandikira." Limeneli ndi bodza lalikulu. Dayisi sakumbukira za kale. Pa kuponya kwachisanu ndi chimodzi mwayi uli 1 mwa 6, monga unalili poyamba paja. Ambiri abwerera kwao wapansi, opanda ndi ya basi yomwe, chifukwa chokhulupirira kuti dayisi ali nao ngongole.

Funso lachitatu: kumwazikana

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tayerekezani banja limene lapatsidwa kusankha pakati pa minda iwiri. Eni ake akale analemba matumba a chimanga amene anakolola pa zaka khumi.

Munda wa kumtunda: zaka 5 unapatsa matumba 8, zaka 5 unapatsa matumba 12.

Munda wa kumtsinje: zaka 8 unapatsa matumba 12, koma zaka 2 madzi anasefukira, nupatsa matumba 2 okha.

Avereji ya kumtunda: 8 kasanu ndi 40, 12 kasanu ndi 60, pamodzi 100, kugawa ndi zaka 10 ndi matumba 10. Avereji ya kumtsinje: 12 maulendo 8 ndi 96, 2 kawiri ndi 4, pamodzi 100, kugawa ndi 10 ndi matumba 10. Munthu woyang'ana avereji yokha anena kuti mindayi ili chimodzimodzi. Koma mai wa pakhomo, amene atapa chimanga m'nkhokwe tsiku ndi tsiku, adziwa kuti siili chimodzimodzi. Banja likadya matumba 8 pachaka, munda wa kumtunda sulinyenga ndi chaka chimodzi chomwe. Munda wa kumtsinje ulisiya ndi matumba 2 chaka chimodzi mwa zisanu, ndipo ana sadya avereji.

Kusiyana kumeneku kuli ndi muyeso wake. Munthu ayamba ndi kuona kuti chaka chilichonse chatalikira motani ndi avereji. Kumtunda, chaka cha matumba 8 chaperewera ndi 2, cha matumba 12 chapitirira ndi 2. Kumtsinje, chaka chabwino chapitirira ndi 2, choipa chaperewera ndi 8. Koma akangophatikiza zopitirira ndi kuchotsa zoperewera apeza 0 pa minda yonse iwiri. Kumtsinje zopitirira ndi 2 maulendo 8, ndizo 16, ndipo zoperewera ndi 8 kawiri, ndizonso 16, zifafanizana. Zitero nthawi zonse, pakuti avereji ikhala pakati penipeni.

Chifukwa chake anthu a masamu achulukitsa mtunda uliwonse ndi iwo wokha asanaphatikize. Potero zoperewera ndi zopitirira zileka kufafanizana, ndiponso chaka chotalikira kwambiri chilemera koposa, monga chilemerera m'moyo wa anthu.

Kumtunda: 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4, chaka chilichonse. Avereji yake ndi 4.

Kumtsinje: zaka zabwino, 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4, maulendo 8 ndi 32. Zaka zoipa, 8 kuchulukitsa ndi 8 ndi 64, kawiri ndi 128. Pamodzi 160, kugawa ndi zaka 10 ndi 16.

Manambala awa, 4 ndi 16, m'mabuku a Chingerezi awatcha variance. Koma popeza anapezeka pochulukitsa matumba ndi matumba, pafunika kubwerera ku matumba enieni. Munthu afunsa: ndi nambala iti imene ikachulukitsidwa ndi iyo yokha ipatsa 4? Ndi 2. Nanga 16? Ndi 4. Manambala omalizawa ndiwo muyeso wa kumwazikana, ndipo dzina lake la standard deviation analipereka Karl Pearson wa ku London m'chaka cha 1893. Tsono minda iwiri ija inenedwa motere: wa kumtunda, matumba 10, kumwazikana 2, wa kumtsinje, matumba 10, kumwazikana 4. Pamene kumwazikana kuli kwakukulu, avereji siiyenera kudaliridwa pa chaka chimodzi.

Kodi tsono munda wa kumtsinje ukanidwe? Iai. Masamu sauza munthu kuti athawe munda. Amuuza kuchuluka kwa chimanga chimene ayenera kusunga. Chaka chabwino mundawo upatsa matumba 12, banja lidya 8, atsala 4. Chaka choipa aperewera 6. Kotero zotsala za zaka ziwiri zabwino zikwanira kutseka chaka chimodzi choipa, ngati zasungidwa bwino ndi kutetezedwa kwa anankafumbwe. Banja limene ligulitsa matumba 4 aja atangokolola, pamene mtengo uli wotsika, ndilo limene likagwira ganyu m'munda wa ena pamene munda wao ufuna kupalira. Ndipo zaka zoipa zikhoza kutsatana: mwayi wake ndi 2 mwa 10 kuchulukitsa ndi 2 mwa 10, ndiko kuti 4 mwa 100. Ngwochepa, koma ulipo. Dziko lino lidziwa zaka zotere. Njala ya 1949 ndi ya 2002 zikambidwabe, ndipo anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa sanaiwale madzi osefukira a 2015. Zaka zimenezi sizioneka mu avereji, zioneka m'kumwazikana.

Zochitika mwa kamodzikamodzi

Aphunzitsi amene afuna chitsanzo cha manambala enieni, osati oyerekeza, angagwiritse nchito ichi. M'chaka cha 1898 munthu wa masamu dzina lake Ladislaus Bortkiewicz anafalitsa chiwerengero cha asilikali a ku Prussia, dziko limene linali mbali yaikulu ya Germany, amene anafa chifukwa chomenyedwa ndi akavalo kuyambira 1875 kufikira 1894. Magulu 10 a asilikali pa zaka 20 apatsa mawerengedwe 200. Mwa amenewa, maulendo 109 sipanafe munthu. Maulendo 65 anafa mmodzi. Maulendo 22 anafa awiri. Maulendo 3 anafa atatu. Ndipo kamodzi anafa anai.

Ana a sukulu angathe kupeza avereji okha: 65, kuphatikiza 44, kuphatikiza 9, kuphatikiza 4, ndi anthu 122, kugawa ndi 200 ndi 0.61. Ndiko kunena kuti gulu limodzi linali kutaya anthu pafupifupi 6 pa zaka 10. Phunziro lake nali. M'gulu limene munafa anthu anai chaka chimodzi, asilikali ayenera kuti anadabwa, nafunsana kuti pachitika chiyani. Koma masamu anasonyeza kuti mwa mawerengedwe 200 chaka chotere chiyembekezeka kuoneka pafupifupi kamodzi, popanda chifukwa chachilendo. Zinthu zosowa nthawi zina zidza mounjikana. Nchimodzimodzi pamudzi. Ngozi ziwiri kapena zitatu zikatsatana pakhomo limodzi, si umboni wakuti pali munthu wachititsa. Ayambe afunsa ngati pali chifukwa chooneka, monga nthenda kapena madzi oipa, chimene achipatala kapena alangizi a ziweto angachipeze. Akumbukirenso kuti mwa makomo ambiri, khomo lina liyenera kugweredwa motero mwa mwayi chabe. Nkhalamba zambiri zanenezedwa ufiti popanda mlandu chifukwa anthu sanadziwe ichi.

Kuwerenga kambiri

Chotsala nchimodzi. Mwayi uliwonse m'nkhani ino unachokera pa kuwerenga, ndipo kuwerenga pang'ono kunyenga. Mlimi woyesa njere 5 zokha angapeze zonse zamera, pamene thumba lonse lili la 8 mwa 10. Mwayi wakuti zitero uli pafupifupi 1 mwa 3. Woyesa njere 100 afika pafupi ndi choona. Jacob Bernoulli wa ku Basel, m'dziko la Switzerland, ndiye anatsimikiza ndi masamu kuti kuwerenga kukachuluka, chopezekacho chiyandikira mwayi weniweni. Buku lake linatuluka m'chaka cha 1713, iye atamwalira kale. Pambuyo pake, kuyambira 1919, Ronald Fisher anagwiritsa nchito masamu a kumwazikana pa minda yoyesera mbeu ya ku Rothamsted, ku England. Nchifukwa chake akatswiri a zaulimi, monga a pa Chitedze ndi pa Bvumbwe, sayamikira mtundu wa mbeu chifukwa cha kamunda kamodzi ka chaka chimodzi. Aibzala m'timinda tambiri, malo osiyanasiyana, zaka zingapo. Mlimi nayenso asataye mbeu yake yozolowera chifukwa mnansi wake wakolola bwino kamodzi.

Chofunika kuchita

Banja lililonse likhale ndi kabuku. Chaka ndi chaka alembemo matumba a munda uliwonse, ana a mbuzi, ndi anapiye amene aswa. Pamene makolo sadziwa kulemba, mwana wa sukulu awalembere. Zaka zoipa zilembedwe monga zabwino, pakuti ndizo zimene ziphunzitsa koposa.

Aphunzitsi achite izi ndi ana ao. Mwana aliyense aponye ndalama ziwiri zachitsulo maulendo 20, nalembe kuti mbali imene anasankha yaoneka pa ndalama 0, 1 kapena 2. Mwayi wake uli 1 mwa 4, 2 mwa 4, ndi 1 mwa 4, ndipo avereji ndi 1. Ana adzaona kuti zopeza za mwana mmodzi zisiyana ndi za mnzake, koma za kalasi lonse zikaphatikizidwa zifika pafupi ndi manambala amenewa. Atatero, mvula isanagwe, ana omwewo apite kwao ndi kuyesa mbeu ya makolo ao pa chiguduli.

Ndipo munthu aliyense amene auzidwa za mbeu yatsopano, za ngongole ya feteleza, kapena za malonda alionse, namva mau akuti, "Imeneyi ipatsa matumba akutiakuti," asavomere msanga. Afunse kuti, "Anawerenga minda ingati ndi zaka zingati? Nanga chaka choipa inapatsa matumba angati, ndipo chaka chotere chidza kangati?" Wogulitsa woona mtima adzayankha. Amene akana kuyankha, mlimi asunge ndalama zake.